Chilimwe pachilumba: chifukwa chimene nyanja imagonera, ndi mmene mungakwerere mafunde ofika m'mawondo

Pagombe la Waimea, kumpoto kwa chilumba cha Oahu ku Hawaii, mu Januwale mafunde amatha kuimirira kuposa nyumba yosanja. Opulumutsa anthu pagombe amatchinga malowo, ndipo khamu limaonerera lili chapatali. Pitani pamalo omwewo mu Julayi, nthawi ya chilimwe kumeneko. Mupeza ana akusambira, achinyamata akudumphira m'madzi kuchokera pa chithanthwe cha kumapeto kwa gombelo, madzi ali phee ngati a mumtsuko. Gombe ndi lomwe lija, nyanja ndi yomwe ija, koma mafunde kulibe. Munthu amene anakopeka ndi zithunzi za mu Januwale n'kugula tikiti ya mu Julayi, atanyamula kathabwa kake kokwerera mafunde, kakafupi kosongoka, amafika n'kuona ngati wina wamugwiritsa mwala.

Palibe wamunamiza. Wangofika nyanja itagona, ndipo kugonako kuli ndi zifukwa zake. Vuto n'lakuti anthu ambiri amapeza mpata woyenda m'chilimwe, sukulu zitatsekera, madzi atafunda, pomwe masewera okwera mafunde ndi thabwa, amene dziko lonse limawatchula kuti surfing, amakoma kwenikweni m'nyengo yozizira. Ndiye wokonzekera ulendo wotere amafunsa kuti, kodi si kutaya ndalama kumeneku? Ine ndikuti ayi, bola mudziwe kumene mafunde amachokera ndipo musanyamule chida cholakwika. Kunena zoona, ambiri mwa amene amabwerako akudandaula kuti nyanja inali yakufa amakhala kuti anali mbali yolakwika ya chilumba, pa ola lolakwika, ndi thabwa lolakwika.

Mafunde sabadwira pamene akuswekera

Funde limene likusweka pamaso panu nthawi zambiri silinayambire pamenepo. Linabadwira kutali, kumene mphepo inakuntha pamwamba pa madzi. Kuti mphepo ibereke mafunde aakulu pamafunika ikhale yamphamvu, iwombe nthawi yaitali, ndiponso iwombe pa dera lalitali la madzi popanda chotchinga. Chimodzi chikasowa, mafunde amakhala opinimbira. N'chifukwa chake nyanja ya Mediterranean, yomwe yazunguliridwa ndi mitunda, singafanane ndi Pacific ngakhale mphepo itakalipa bwanji. Pachilumba cha Sardinia okwera mafunde amadikira mphepo yotchedwa mistral, ndipo ikangoleka sipatenga nthawi nyanja yabwerera kukagona.

Anamondwe amene amapanga mafunde oyenda maulendo ataliatali amabadwira kutali ndi ikweta, kumene mpweya wozizira wochokera kumathero a dziko umakumana ndi mpweya wofunda. M'nyengo yozizira kusiyana kwa mipweya iwiriyi kumakula, ndiye anamondwe amakhala aukali ndiponso obwera motsatizana. M'chilimwe kusiyanako kumachepa, anamondwe amafooka n'kusunthira chakumathero a dziko, ndipo pakati pa nyanja pamakhazikika bata. Chigayo cha mafunde chimakhala chazima.

Koma dziko lili ndi mbali ziwiri. Kumpoto kwa ikweta kukakhala chilimwe, kumwera kumakhala chisanu, ndipo nyanja yozungulira Antarctica, kumathero a kumwera kwa dziko, sidziwa kupuma, chifukwa kumeneko kulibe mtunda wodula mphepo. Mu 1963 katswiri Walter Munk wa ku Scripps Institution of Oceanography, bungwe lofufuza za nyanja ku America, ndi anzake anaika zida zoyezera mafunde pamzere wautali wodutsa Pacific, kuyambira ku New Zealand, kudzera ku Samoa, Palmyra ndi Hawaii, mpaka ku Yakutat ku Alaska. Anapeza kuti mafunde obadwa mwa anamondwe a kumwera amawoloka nyanja yonseyo, makilomita oposa 10,000, n'kukafika ku Alaska akadali ozindikirika. Akangotuluka m'dera la namondwe, mphamvu imene amataya m'njira ndi yochepa modabwitsa. Munk yemweyu, pamodzi ndi Harald Sverdrup, ndiye anayala maziko a ulosi wa mafunde pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, pofuna kudziwa masiku amene maboti a asilikali angakocheze pagombe osagubuduzika. Ulosi umene wokwera mafunde amauona pafoni lero ndi mdzukulu wa ntchito imeneyo.

Tibwerere ku Oahu. Mu Julayi kumpoto kuli zii, koma kumwera, ku Waikiki, kumafika mafunde ochokera mwa anamondwe a kufupi ndi New Zealand. Amayenda pafupifupi mlungu wathunthu. Pofika amakhala atafupika, koma atawongoka: osapiringizana, otalikirana, obwera m'magulumagulu. Kuchoka ku Waimea kupita ku Waikiki ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto, koma kwa wokwera mafunde kuli ngati kuchoka m'nyengo ina kulowa m'nyengo ina. Apa ndi pamene chilumba chimaposera gombe la mtunda waukulu loyang'ana mbali imodzi. Chilumba chili ndi nkhope kumbali zonse, ndipo kawirikawiri imodzi mwa nkhopezo imakhala ikulandira kena kake.

Zilumba zina zili ndi kalendala yakeyake. Ku Sri Lanka, magombe a kumwera chakumadzulo monga Weligama ndi Hikkaduwa amakoma kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo mphepo yobweretsa mvula yotchedwa monsoon ikawasokoneza anthu amasamukira kum'mawa ku Arugam Bay, kumene kumakoma cha mu Meyi mpaka Seputembala. Ku Bali, m'miyezi yopanda mvula anthu amakhala kumadzulo, ku Uluwatu ndi Kuta, ndipo mvula ikayamba amatembenukira kum'mawa. Ku Puerto Rico, gombe la Rincón, lomwe linachititsa mpikisano wa dziko lonse mu 1968, limadalira anamondwe a chisanu a kumpoto kwa Atlantic, choncho mu Juni ndi Julayi limatha kukhala milungu osaonetsa kanthu. Pomwe ku Barbados, mbali ya kum'mawa ku Bathsheba imayang'anizana ndi mphepo yowomba chaka chonse, ndiye sikusowa kafunde kokwera ngakhale kosalongosoka. Mawu akuti chilimwe pawokha sakuuzani chilichonse mpaka mutadziwa kuti chilumbacho chili mbali iti ya ikweta ndipo magombe ake ayang'ana kuti. Masewera a Olimpiki a 2024 anachitikira ku Paris m'chilimwe, koma okwera mafunde anakapikisanira ku Teahupo'o pachilumba cha Tahiti, makilomita oposa 15,000 kuchokera ku Paris, kumene Julayi ndi Ogasiti ndi nyengo ya mafunde aakulu.

Nambala imene alendo amailumpha

Mukatsegula ulosi wa mafunde muona nambala ziwiri zoyandikana: msinkhu wa funde, kenako masekondi. Diso limathamangira yoyambayo. Koma m'chilimwe yachiwiriyo ndi imene imanena zambiri, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Masekondiwo ndi nthawi imene imapita kuchokera pamene nsonga ya funde limodzi yadutsa pamalo ena mpaka nsonga ya linzake itadutsa pomwepo. Pamadzi akuya, mafunde a masekondi 8 amatalikirana mamita pafupifupi 100. A masekondi 16 satalikirana mamita 200 monga munthu angaganizire. Amatalikirana pafupifupi mamita 400. Funde si chimulu cha madzi chongoyenda pamwamba. Limagwedeza madzi mpaka pansi, kufika pa kuya kwa theka la mpata wa pakati pa nsonga ndi nsonga. Choncho la masekondi 8 limagwedeza madzi mpaka mamita 50 kupita pansi, la masekondi 16 mpaka mamita 200. Pamwamba onse awiri akhoza kuoneka ofanana msinkhu, koma lachiwirilo labisa katundu wochuluka m'kati mwa madzi.

Likafika posaya, funde limayamba kukhula pansi, limachepetsa liwiro, ndipo mphamvu yomwe inali yomwazikana m'madzi akuya imapanikizika n'kukwera m'mwamba. Apa ndi pamene chobisika chimaonekera. Funde lomwe kunyanja linali locheperapo pa mita imodzi koma la masekondi 16 limatha kuimirira mpaka pachifuwa kapena kupitirira, n'kusweka mwadongosolo kuchokera mbali imodzi kupita ina. Funde la mita yathunthu koma la masekondi 6, lobadwa ndi mphepo ya pafupi, limangofika n'kukhuthuka ngati madzi otayidwa m'ndowa. Wina akaona nambala yaikulu ya msinkhu amasangalala. Wodziwa amayang'ana masekondi n'kubwerera kukagona.

Mafunde a masekondi ambiri amathamanganso kwambiri. Gulu la mafunde a masekondi 16 limayenda makilomita pafupifupi 45 pa ola, la masekondi 8 theka la liwiro limenelo. Ndiye namondwe akabereka mafunde a mitundu yonse nthawi imodzi, ulendo wautali umawasankhula: otalikirana amatsogola, oyandikana amatsalira. Ichi ndicho chimawongola mafunde ochokera kutali, komanso ndicho chimayesa mtima wa munthu. Tsiku loyamba limene mafunde oterewa ayamba kufika, mukhoza kukhala pathabwa mphindi 15 kapena 20 nyanja ili yosalala ngati galasi. Mumaona anthu akuyamba kutopa: wina wagona chagada pathabwa, wina wayamba kupalasa kubwerera kumtunda akupukusa mutu. Kenako chakutali kumaoneka mzere wakuda pang'ono, wina kumbuyo kwake, winanso kumbuyo. Amene anakhala akuyang'ana kunyanja amatembenuza mathabwa mwakachetechete. Amene wafika kale pamchenga amacheuka n'kuona mafunde anayi abwino a ola limenelo akudutsa popanda iye. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo musanalowe m'madzi pagombe lachilendo m'chilimwe, khalani pamchenga mphindi 20 mukungoyang'ana. Mphindi zisanu sizikwanira kuweruza nyanja.

Pali china chimene mafunde otalikirana amachita chomwe chimathandiza pachilumba. Chifukwa amamva pansi akadali kutali, amapindika kutsata maonekedwe a pansi pa nyanja, ndiye amatha kukhotera kuseri kwa nsonga ya mtunda n'kulowa m'gombe lomwe silinayang'anizane nawo. Mafunde oyandikana sakhota kwambiri chotero. Koma chilumba chimathanso kuphimba chinzake, kapena kuphimba mtunda. Ku Santa Barbara ku California chilimwe chimakhala chopanda mafunde kwenikweni chifukwa zilumba za Channel Islands zaima pakhomo n'kutchinga ochokera kumwera. Choncho musanasankhe kogona, tengani mapu, ikani chala pagombe limene mukufuna, ndipo muone ngati kuchokera pamenepo kupita kumene mafunde a nyengoyo amachokera pali nyanja yokhayokha.

Za msinkhu, samalani ndi nambala za anthu. Ya mu ulosi nthawi zambiri imakhala ya kunyanja yakuya, osati ya pamene funde likuswekera. Ku Hawaii anthu ali ndi chizolowezi chotchula pafupifupi theka la msinkhu umene mungauone mutayang'anizana ndi funde, ndiye akati n'kakang'ono musafulumire kukhulupirira. Muyezo wosanama ndi thupi la munthu: lofika m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa, pamutu.

Mphepo ndi kuphwa kwa nyanja

Funde lalikulu limapirira mphepo yoipa. Laling'ono silipirira. Dzuwa likakwera, mtunda umatentha msanga kuposa madzi, mpweya wa pamtunda umakwera m'mwamba, ndipo wa panyanja umathamangira kudzadzaza malowo. Mphepo yochokera kunyanja imeneyi imakankha funde kumsana, n'kuligwetsa lisanaimirire. Usiku zimatembenuka: mtunda umazizira, kamphepo kamatsika kupita kunyanja, ndipo m'bandakucha kamawomba funde kumaso, n'kuligwira kuti liime kanthawi lili losalala. M'chilimwe dzuwa limakhala lamphamvu, ndiye kusinthaku kumakhalanso kwamphamvu. Amene amadzuka mochedwa, n'kudya mwachifatse, n'kufika pagombe dzuwa lili paliwombo, ndi amene amabwerako n'kumanena kuti chilumbacho chilibe mafunde. Analipo, koma anatha iye akadali m'bulangete.

Zilumba zambiri za m'madera otentha zilinso ndi mphepo yokhazikika, yochokera kumpoto chakum'mawa kwa zimene zili kumpoto kwa ikweta, ndi kumwera chakum'mawa kwa zimene zili kumwera. Ku Canary Islands, pa zilumba monga Fuerteventura ndi Lanzarote, mphepoyi imalimba m'chilimwe, n'chifukwa chake nthawi imeneyo kumadzaza okokedwa ndi makaiti ndi matanga. Mphepo yotereyi ili ndi mbali ziwiri. Ku gombe limene ikufikira imabweretsa mafunde osalongosoka koma osasowa. Ku gombe la kuseri imasalaza madzi koma sibweretsa kanthu. Malo okoma amakhala pakati, pamene funde lakhotera kuseri kwa nsonga ya mtunda n'kupeza mphepo ikuwomba cham'mbali kapena chakumaso.

Nyanja imadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku m'malo ambiri, ndipo kuchokera kudzaza kumodzi kufika kwina pamapita maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25. Choncho tsiku lililonse nthawi zake zimachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50; ola limene linakoma Lolemba silingakomenso chimodzimodzi Lachisanu. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kudzaza ndi kuphwa kumakula. Izi n'zofunika chifukwa funde limasweka likafika pamadzi amene kuya kwake kwangoposa pang'ono msinkhu wake. Funde la theka la mita limafuna madzi akuya masentimita 60 kapena 70. Nyanja ikadzaza kwambiri, kafunde kotere kamadutsa pamwamba pa malo ake oswekera osamva kanthu, n'kukangodzigwetsa pamchenga. Ku Hawaii kusiyana kwa kudzaza ndi kuphwa sikufika mita imodzi, ndiye nkhaniyi sivuta kwambiri. Ku Bali kumatha kupitirira mamita 2, ndipo malo amodzi amasintha nkhope kangapo pa tsiku.

Thabwa

Mphamvu ya funde sikwera molingana ndi msinkhu wake. Msinkhu ukawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Kutembenuza mawuwa, funde lofika m'chiuno lili ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya funde lowirikiza kawiri msinkhu wake. Ndi mphamvu yochepa choncho, funde silingakunyamuleni ngati inu ndi thabwa lanu mwamira theka.

N'chifukwa chake okwera mafunde masiku ano amayeza mathabwa ndi malita. Lita imodzi ya thabwa imayandamitsa pafupifupi kilogalamu imodzi. Thabwa lalifupi losongoka la akatswiri limakhala ndi malita 25 mpaka 35. Munthu wa makilogalamu 75 akaligonera limamira, ndipo limangokwera pamwamba pa madzi likapeza liwiro, liwiro limene funde laling'ono silingapereke. Thabwa lalitali, la mamita 2.7 kapena kuposerapo, limakhala ndi malita owirikiza kawiri kapena katatu. Limayandama, limatsetsereka mukangopalasa kangapo, ndipo limagwira funde likadali chotupa chabe, lisanayambe kusweka. Pa tsiku la mafunde ofika m'mawondo, wa thabwa lalitali akhoza kukwera mafunde 20 pomwe wa lalifupi wakwera atatu, ndipo atatuwo akudumphadumpha ngati wapondera moto pofuna kuti thabwa lisaime.

Si nzeru yatsopano. Anthu a ku Hawaii, amene masewerawa amawatcha he'e nalu, anali ndi thabwa lotchedwa olo, lalitali mamita pafupifupi 5 kapena kuposerapo, losemedwa kawirikawiri ku mtengo wopepuka wa wiliwili ndipo linali la mafumu. Linapangidwira mafunde otupa pang'onopang'ono ngati a ku Waikiki. Duke Kahanamoku, amene anabadwa mu 1890 n'kupata mendulo yagolide ya kusambira ku Olimpiki ya ku Stockholm mu 1912, anakulira pa mafunde omwewa, ndipo ndi iye amene anakaonetsa masewerawa ku Freshwater ku Sydney kumapeto kwa 1914. Masewera amene lero amadziwika ndi zithunzi za mapiri a madzi anafalikira padziko kuchokera pagombe la mafunde ofatsa.

Amene safuna thabwa lalitali ali ndi pothawira. Mu 1967 Steve Lis wa ku San Diego anapanga thabwa lalifupi koma lotambalala, la mchira wogawanika pawiri ndi zipsepse ziwiri, lomwe limatchedwa fish. Kutambalala ndi kuphwatalala kwake kumalithandiza kuthamanga pamene funde lafooka. Palinso mathabwa apakatikati, a mamita 2 ndi pang'ono. Koma ndikanafunsidwa kuti munthu atenge limodzi lokha, ndikanati lalitali, ndipo asanyamule kuchokera kwawo. Makampani ambiri a ndege amaika malire a kutalika kwa katundu, tindege ting'onoting'ono topita kuzilumba nthawi zina sititenga n'komwe thabwa lalitali, ndipo likafika limatha kufika litaphwanyika mphuno. Kubwereka pachilumba pomwepo kumakupatsaninso ufulu wosintha thabwa mogwirizana ndi tsiku. Pobwereka, liyang'aneni bwino pamaso pa mwini wake: ming'alu, zipsepse, ndi chingwe chomangira kumwendo. Funsaninso za phula lopaka pamwamba pa thabwa kuti mapazi asaterereke, chifukwa lopangira madzi ozizira limafewa n'kuchoka m'madzi ofunda. Paja amati safunsa anadya phula. Pano safunsa amangoterereka.

Kakweredwe kake kamasiyananso. Pa funde laling'ono mumagona chakutsogolo pang'ono kuti mphuno ya thabwa itsale pang'ono kukhudza madzi, mumayamba kupalasa msanga, ndipo mumapalasanso kawiri mutamva kale kuti funde lakutengani. Mukaimirira musatsikire pansi pa funde, chifukwa kumeneko kulibe mphamvu. Khalani chakumtunda, pafupi ndi pamene thovu likuyambira. Thabwa likayamba kufooka, sunthirani kutsogolo ndi mapazi, likathamanga kwambiri bwererani kumbuyo. Luso loyenda mopingasitsa miyendo mpaka zala kulendewera pamphuno ya thabwa linakulira pa mafunde ngati amenewa, ndipo pa funde lalikulu simungapeze mpata woliphunzira. Kwa wongoyamba kumene, palibe sukulu yoposa iyi. Kwa wodziwa kale, funde laling'ono limaulula zolakwa zimene funde lamphamvu limabisa.

Kuchepa si kufatsa

Tanena kuti funde la theka la mita limasweka pamadzi akuya masentimita 60 kapena 70. Pagombe la mchenga zimenezo sizidetsa nkhawa. Koma zilumba zambiri za m'madera otentha zazunguliridwa ndi matanthwe a korali, omangidwa ndi tinyama tamoyo ta m'nyanja, akuthwa ngati lumo, okhala ndi tinyama taminga tonga nungu m'ming'alu yake. Ndiye tsiku limene nyanja ikuoneka yofatsa ndi tsiku limene thanthwe lili pafupi kwambiri ndi thupi lanu. Pogwa musadumphe chamutu kapena chamiyendo. Gwani chagada, thupi lonse litambalale pamadzi. Bala la korali limaoneka ngati kukalika chabe koma limachedwa kupola ndipo limatukusira msanga m'malo otentha, choncho litsukeni bwino ndi madzi oyera tsiku lomwelo. Kuponda korali kumamuphanso, ndipo ndi iye amene akuumba funde limene mwadzera.

Choopsa china ndi anthu anzanu. Mafunde akachepa, chilumba chonse chimasonkhana pamalo awiri kapena atatu amene akusweka, pamodzi ndi masukulu ophunzitsa alendo. Mathabwa aatali ndi olemera, ndipo lotayidwa ndi munthu wochita mantha limauluka kutalika kwa chingwe chake. Lamulo losalembedwa limene limadziwika kulikonse n'lakuti funde ndi la amene ali pafupi kwambiri ndi pamene layambira kusweka. Musalowe kutsogolo kwake, ndipo pobwerera kunyanja zungulirani, musadutse m'njira ya amene akukwera. Wa thabwa lalitali ali ndi yesero lapadera: popeza amatha kugwira funde ali kutali kuposa onse, akhoza kutenga lililonse. Mlendo wochita zimenezo sachedwa kudziwika. Eni chilumba adikira mafunde amenewo milungu yambiri, ndipo kulola awiri kapena atatu adutse kumagula mtendere wa mlungu wonse.

Madzi obwerera kunyanja amakhalaponso ngakhale mafunde achepe, makamaka pamipata ya matanthwe nyanja ikamaphwa. Akakukokani, musalimbane nawo. Palasani cham'mbali ndipo musasiye thabwa. Nalo dzuwa limapweteka anthu ambiri kuposa mafunde, chifukwa m'madzi ofunda munthu amakhalitsa osamva kuti akupsa. Malaya a manja aatali ndi chipewa zimathandiza kuposa mafuta okha, ndipo mafutawo yang'anani zimene alembapo: ku Hawaii, kuyambira pa 1 Januwale 2021, n'koletsedwa kugulitsa mafuta oteteza ku dzuwa okhala ndi oxybenzone kapena octinoxate pofuna kuteteza korali.

Ndipo chilimwe chili ndi tsiku lake losintha mtima. Madzi ofunda ndiwo chakudya cha anamondwe a m'madera otentha. Ku Atlantic nyengo yawo imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo imafika pachimake cha mu Seputembala. Namondwe wotere akadutsa kutali, chilumba chomwe chakhala chogona mwezi wathunthu chimadzuka ndi mafunde opitirira pamutu, ndipo amene anabwera kudzaphunzira ayenera kudziwa kuti tsiku limenelo ndi loonerera ali pamchenga. Akayandikira kwambiri, ndege zimaima, maboti amakocheza, ndipo ulendo umasanduka nkhani ina.

Zoterezi zinaoneka pamene masewerawa analowa koyamba mu Olimpiki, mu Julayi 2021, pagombe la Tsurigasaki ku Chiba, pachilumba cha Honshu ku Japan. Anthu anali atadandaula kwa zaka kuti malowo amakhala ndi mafunde aang'ono m'chilimwe, ndipo tsiku loyamba akatswiri a dziko lonse analimbanadi ndi timafunde tofooka. Kenako namondwe Nepartak anayandikira. Okonza mpikisano anafulumizitsa ndime zomaliza ndi tsiku limodzi, n'kuzichita pa 27 Julayi m'nyanja yabulauni, yowinduka, yosalongosoka. Carissa Moore wa ku Hawaii anapambana kwa amayi. Kwa abambo, Italo Ferreira wa ku Brazil anathyola thabwa pa funde lake loyamba la ndime yomaliza, anatenga lina, n'kupata golide.